Makompyuta akutchipa: kodi ndigule masheya a makampani opanga ma chip?

FUNSO: Akonzi, ndine namwino ndipo ndimagwira ntchito ku Leeds, m'dziko la Britain. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikupatula kangachepe mwezi ndi mwezi n'kumagula masheya kudzera pa foni. Posachedwapa ndinakagulira mwana wanga laputopu, ndipo ndinadabwa kuipeza yotsika mtengo kuposa imene ndinagula kale, chonsecho ndi yamphamvu kuposa yakaleyo. Ndikuganiza kuti katundu akatchipa ogula amachuluka, choncho makampani opanga ma chip, tizipangizo timene timayendetsa kompyuta, apindula kwambiri. Kodi ndiike ndalama zanga zonse kumeneko?

Wowerenga wa ku Leeds

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa chofunsa musanachite kanthu. Mwaona bwino, koma mtengo wa m'sitolo pawokha sungakuuzeni ngati kampani ikupindula, chifukwa zipangizozi zimatchipa pa zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri.

Chifukwa choyamba ndi luso. M'chaka cha 1965 Gordon Moore, amene pambuyo pake anayambitsa nawo kampani ya Intel, anaona kuti ma transistor (timaswichi ting'onoting'ono ta magetsi) okwana pa chip chimodzi ankachuluka mowirikiza pakangopita nthawi yochepa. Kutchipa kotereku sikupweteka wopanga, popeza nayenso amawononga ndalama zochepa pa transistor iliyonse.

Chachiwiri ndi chimene chimagwetsa anthu, ndipo aliyense amene anagulitsapo tomato pa nthawi imene mudzi wonse wakolola amachidziwa: dengu limene dzana linali la mtengo wapamwamba, lero umangolipereka kuopa kuti aola. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene anthu ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa cha Covid-19, makompyuta anagulidwa kwadzaoneni ndipo mafakitale anawonjezera zopanga. Pofika 2022 ogula anachepa, katundu anadzaza m'nyumba zosungiramo, ndipo mitengo ya memory, ma chip osungira zinthu m'kompyuta, inagwa. Kampani yopanga memory ya Micron ya ku America, imene inapindula madola oposa 8 biliyoni m'chaka chake cha malonda cha 2022, inataya pafupifupi 6 biliyoni chaka chotsatira. Samsung ya ku South Korea inalengeza mu April 2023 kuti ichepetsa memory imene imapanga. Amene anagula laputopu chaka chimenecho anasangalala monga mwasangalalira inu, pamene opanga ankabuula. Pa kugwa kwa m'mbuyomu ena sanadzuke n'komwe: Qimonda ya ku Germany inagwa mu 2009, ndipo Elpida ya ku Japan inagwa mu 2012 n'kugulidwa ndi Micron.

Chovuta china n'chakuti mtengo wa masheya umathamangira kutsogolo kwa nkhani. M'chaka chomwecho cha 2023, Micron ikulengeza zotayika, masheya ake anakwera, chifukwa ogula masheya ankayembekezera kale kuti zinthu zisintha. Munthu amene amadikira kumva uthenga wabwino kenako n'kugula, kawirikawiri amafika ena atadya kale. Ndikukumbutsaninso za Intel, kampani yaikulu ndi yodziwika: amene anagula masheya ake pamene anali pamwamba penipeni mu 2000 anadikira zaka zoposa 20 osauonanso mtengo umenewo, ndipo mu 2024 kampaniyo inaimitsa kugawira eni masheya phindu.

Musawaikenso makampaniwa m'thumba limodzi. Opanga memory, monga Samsung, SK Hynix ndi Micron, amagulitsa katundu wofanana, motero amapikisana pa mtengo. Nvidia imakonza mapulani a ma chip ake koma owapanga kwenikweni ndi TSMC ya ku Taiwan, pamene ASML ya ku Netherlands ndi yokhayo imene imapanga makina a EUV ofunika popanga ma chip apamwamba kwambiri. Kutchipa kwa laputopu kumakhudza aliyense wa awa mosiyana, ndipo ena phindu lawo lalikulu likuchokera ku makompyuta akuluakulu oyendetsa AI (mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu), osati ku sitolo imene munapitako.

Choncho pa funso lanu loti muike zonse, ine ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse, chifukwa ndalama ya munthu wogwira ntchito usiku m'chipatala siyenera kudalira malonda amodzi okwera ndi kutsika chonchi. Ya fizi, ya lendi ndi yotumiza kumudzi isakhudzidwe. Ngati mbali imeneyi mwaikonda, ikaniko gawo lochepa limene mungathe kulisiya zaka zisanu kapena kuposerapo, makamaka kudzera mu thumba la masheya a makampani ambiri. Mukafuna kampani imodzi, werengani malipoti ake a miyezi itatu iliyonse, muone ngati katundu wosagulidwa akuchuluka ndiponso ngati phindu pa chimene yagulitsa likutsika. Kumbukiraninso kuti masheya ambiri amenewa amagulidwa m'madola pamene inu mumalandira mapaundi, choncho kusintha kwa ndalama ziwirizi kungawonjezere kapena kudya phindu lanu.