Kanola wopanda feteleza wogula: mafuta ndi osavuta, vuto lili pa mbewu

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti ali ndi munda wosakwana mahekitala awiri, ndipo akufuna kulima kanola popanda feteleza wogula kapena mankhwala opopera, kuti aziyenga okha mafuta komanso kusunga mbewu ya chaka chamawa. Funso lawo n'loti kodi zingatheke?

Zingatheke ndithu mayi, koma mwafunsa ntchito ziwiri, ndipo yosunga mbewu ndi imene imagwetsa ambiri.

Kanola ndi m'bale wa mpiru ndi kabichi. Makolo ake ankapereka mafuta okhala ndi asidi wambiri wotchedwa erucic, wokayikitsa pa thanzi la munthu, mpaka pamene akatswiri a ku Canada, Baldur Stefansson ndi Keith Downey, anasankha mitundu imene asidiyu ndi wochepa kwambiri. Umodzi mwa mitunduyi, wotchedwa Tower, unatuluka mu 1974. Lero kuti mbewu itchedwe kanola, asidiyu asapitirire magawo 2 pa 100 a mafuta ake. Mbiriyi ndaifotokoza dala. Ubwino umenewu ndi wochita kusankhidwa, ndipo ungathe kutayika. Njuchi ndi mphepo zimatenga mungu kuchokera m'minda ina, mwina kutali ndithu. Ngati pafupi pali mitundu yakale ija, mbewu yanu idzasakanikirana inu osadziwa, chifukwa njere zake zimaoneka chimodzimodzi. Ngati mnansi amalima kanola wosinthidwa chibadwa, wa GMO, ndiye kuti dzina loti mbewu yachilengedwe mwalitaya. Choncho yendani kaye m'minda yozungulira musanagule kalikonse.

Pogula, musatenge haibulidi. Imabereka bwino chaka choyamba, koma ana ake amatuluka osiyanasiyana. Funsani mtundu wololeza kubwereza.

Kanola sakondana ndi kutentha. Kukafika cha m'ma 30°C pamene akuchita maluwa, maluwawo amayoyoka osabereka, ndiye werengerani kuti achite maluwa m'nyengo yozizira. Amadyanso kwambiri, makamaka nayitrojeni ndi salufa, ndipo apa m'pamene wosathira feteleza amatuluka thukuta. Muike pamalo pamene munali mbewu za mtundu wa nyemba, muthire manyowa owola bwino nthawi isanathe. Masamba aang'ono akayamba chikasu n'kupindika ngati supuni, nthawi zambiri salufa wachepa.

Njere zake n'zazing'ono kwambiri, moti makilogalamu 4 mpaka 6 amakwana hekitala yonse. Nthaka ikhale yosalala, yachinyezi, ndipo musazamitse kupitirira masentimita awiri. Ine ndimakonda kudzala m'mizere kusiyana ndi kuwaza, chifukwa masabata oyamba udzu umamupitirira ndipo khasu limafuna podutsa. Akangotambasula masamba amaupondereza yekha. Tizikumbu todumpha timaboola timasamba toyamba tija, ndipo chitetezo chenicheni n'choti mbewu imere msanga ndi mphamvu. Matenda ngati blackleg (oola tsinde) ndi clubroot (otupitsa mizu) amatsalira m'nthaka ndi m'mapesi, choncho padutse zaka zitatu kapena zinayi musanabwerezenso kanola pamalo omwewo, ndipo pakati pakepo musaikepo kabichi kapena mpiru.

Pokolola pamafunika diso. Timakoko tikauma kwambiri timathetheka, njere n'kumwazika pansi. Tsegulani timakoko ta pa tsinde lalikulu. Njere zopitirira theka zikasintha kuchoka kobiriwira kupita kodera, dulani m'mawa kukadali mame, muyanike pansalu yolimba kuti zogwa zisatayike, kenako mupunthe ndi kupeta. Ziumitseni mpaka chinyezi chitsike kufika 8 pa 100, apo ayi zimatentha m'thumba n'kuchita nkhungu. Za mbewu muzipatule kuchokera pakati pa munda, osati m'mphepete momwe mungu wachilendo umafikira poyamba.

Mu njere muli mafuta okwana magawo 40 pa 100 kapena kupitirirapo, koma makina aang'ono ofinya popanda kutenthetsa satulutsa onse. Muziyembekezera pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwa njere. Asiyeni adikhe, musefe, musunge m'mabotolo otseka pamalo amdima. Muzifinya njere zochepa nthawi imodzi, chifukwa njere zimasungika nthawi yaitali kuposa mafuta. Zotsalira zili ndi mapulotini ambiri, n'zabwino kusakaniza m'chakudya cha ziweto.

Chaka choyamba musadzaze munda wonse. Yesani kachigawo kakang'ono, ndipo musanagule makina anuanu fufuzani ngati pali wina wapafupi amene angakufinyireni.