Funsani Mphunzitsi: Ndikatsika panjinga ndithamange bwanji?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ndine Mmalawi wokhala ku Johannesburg, ndipo ndalembetsa mpikisano wa Ironman (wosambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga) wa ku Gqeberha kuno ku South Africa. Aka ndi koyamba. Kusambira makilomita 3.8 ndi kupalasa njinga makilomita 180 ndikuona kuti ndikwanitsa. Chikundisowetsa tulo ndi makilomita 42.2 othamanga kumapeto. Marathon wamba, wothamanga mtunda womwewu pawokha, ndimamaliza m'maola 4. Kodi ndiyambe ndi liwiro lomwelo kuti ndipezeretu nthawi, popeza kutsogolo ndikatopabe? *Wowerenga, Johannesburg*

YANKHO: Ayi achimwene, musatero. Maganizo opezeratu nthawiwa ndi amene amachititsa anthu amphamvu zawo kuyenda wapansi kuyambira pa kilomita 25 mpaka kumapeto, atagwira m'chiuno.

Maola 4 ndiye kuti kilomita iliyonse mumaidutsa m'mphindi 5 ndi masekondi 41. Koma liwiro limenelo mumalikwanitsa mutagona bwino, miyendo isanagwire ntchito ina. Ku Gqeberha mudzavala nsapato zothamangira thupi litagwira kale ntchito maola 7 kapena 8. Ine ndikuti makilomita 10 oyamba muthamange mphindi 6 ndi theka pa kilomita, osafulumira kuposa pamenepo. Mukapitiriza choncho, kuphatikizapo kuyenda pang'ono pomwa madzi, mudzamaliza cha m'ma maola 4 ndi mphindi 45. Kwa munthu woyamba, imeneyo ndi nthawi yonyadira.

Chovuta n'chakuti liwiro limeneli lidzaoneka lochepa kwambiri. Miyendo ikazolowera kuzungulira mofulumira panjinga, imafuna kupitiriza chomwecho pansi. Inu mudzamva ngati mukukwawa, koma wotchi idzaonetsa mphindi 5 ndi theka pa kilomita. Onjezanipo anthu okuwa ndi kuimba m'manja m'mbali mwa msewu wa Marine Drive umene mudzathamangemo, komanso mpweya wa kunyanja umene udzakupepukirani, poti mwazolowera ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700. Zonsezi zidzakunong'onezani kuti lero muli bwino. Khulupirirani wotchi. Ngati simungathe kulankhula chiganizo chonse osapuma wefuwefu, bwezani liwiro. Ena akakupitirirani, asiyeni apite; ambiri mudzawapeza kutsogolo.

Ndipo kunena zoona, kuthamangaku kumakonzedwa kapena kuonongedwa mukadali panjinga. Gqeberha ndi mzinda wa mphepo. Mukalimbana nayo mphepoyo kuti musunge liwiro lomwe munalemba papepala kunyumba, ntchafu zidzathera pomwepo. Lolani kutaya mphindi 10 panjinga, chifukwa kuyenda wapansi makilomita 15 kumadya nthawi yoposa ola poyerekeza ndi kuthamanga. Panjinga ndi pomwenso muyenera kudya mokwanira, magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, popeza m'mimba mumalandira chakudya bwino mutakhala pachishalo kusiyana ndi pamene mukudumphadumpha mumsewu.

Pothamanga, malo aliwonse omwera madzi muziyenda masekondi 20 kapena 30, kuyambira malo oyamba enieniwo, mphamvu zikadalipo. Imwani modekha, thirani madzi ena kumutu, tengani nthochi kapena jelo (chakudya cha madzimadzi chopatsa mphamvu) yomwe munaiyesa kale pokonzekera. Chinthu chachilendo m'kamwa tsiku limenelo ayi. Madzi okhaokha ochuluka opanda mchere nawonso ndi oopsa, choncho muzimwako zakumwa zokhala ndi mchere. Mukamva nseru, chepetsani liwiro mpaka m'mimba mukhazikike. Koma mutu ukayamba kuzungulira kapena maganizo kusokonekera, imani ndipo muitane azachipatala.

Musaganize kuti kugwa kumapeto n'kwa ofooka. Paula Newby-Fraser, wobadwira ku Zimbabwe n'kukulira ku South Africa, anapambana mpikisano wa Ironman wa dziko lonse ku Kona, Hawaii, maulendo 8. Koma mu 1995, ali patsogolo, thupi linamukanika atatsala pang'ono kufika pomalizira. Karen Smyers anamupitirira n'kupambana, iye n'kumaliza pa nambala 4. Ngati zinachitikira katswiri woteroyo, inu woyamba kumene musamale kawiri.

Nanga muwonjezere liwiro liti? Pa kilomita 21 ayi, n'koyambirira. Dikirani mpaka 32. Mukafika pamenepo mukuthamangabe, mukumwa osasanza, miyendo isakukokana, onjezani masekondi 10 okha pa kilomita, muone mmene thupi liyankhire. Mukaona kuti simungaonjezere, kusunga liwiro lomwelo kwakwana.

M'masabata otsalawa, kamodzi pa sabata mukatsika panjinga mutapalasa ulendo wautali, valani nsapato nthawi yomweyo muthamange mphindi 30 pa liwiro lija la mphindi 6 ndi theka pa kilomita. Cholinga sikulimbitsa miyendo, koma kuti thupi lizindikire liwiro limenelo ngakhale wotchi itathera batire panjira.