Dziko la caribou: louma, losabereka kapena chipululu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe. Kumpoto kwa Canada kuli dera lotchedwa Barren Grounds, kwawo kwa nyama za caribou. Pofotokozera ana ndizinena kuti dzikoli ndi losabereka, louma, kapena chipululu? Nanga nyamayo ndi mphalapala?

Yankho: Aphunzitsi, mawu atatu onsewo asiyeni.

Mkazi wosabereka timati chumba, ena amati wouma, pamene mwamuna ndi gojo. Awa ndi mawu obaya, ndipo m'kalasi mwanu simungalephere kukhala mwana amene azakhali ake amanenedwa choncho pamudzi. Nthaka sikhala chumba. Ikasiya kubereka timati yaguga, koma umaguga ndi munda umene walimidwa zaka zambiri mpaka chonde kutha. M'dera mukunenali khasu silinatemepo.

"Louma" ndiye bodza lenileni. Pansi pa nthaka ya tundra, lomwe ndi dzina la dziko lozizira la mtundu umenewu, pamakhala poundana ndi chisanu chaka chonse. Nyengo yofunda pamwamba pokha ndi pamene pamasungunuka, madzi n'kusowa kolowera, dziko lonse n'kusanduka madambo ndi tinyanja, udzudzu uli ng'waa. "Chipululu" chayandikirako, poti mvula imagwa yochepa ndipo anthu ndi apatalipatali, koma mwana wa kuno akamva chipululu amaona mchenga ndi dzuwa loswa mtengo.

Azungu monga Samuel Hearne, amene anayenda m'derali pakati pa 1770 ndi 1772, potchula dzikoli kuti "barren", mawu achingerezi otanthauza losabereka, ankanena za kusowa kwa mitengo basi. Tsono inu nenani kuti ndi dziko lozizira lopanda mitengo, lapambalambanda. Chakudya chilipo: caribou zimafukula chisanu ndi ziboda n'kumadya ndere, ndipo mu Juni zimaswa ana kumeneko. Gulu limodzi lokha, la Bathurst, linali ndi nyama pafupifupi 470,000 mu 1986, ngakhale pofika 2021 zinali zitatsala 6,000 ndi kamphindi. A Dene ndi a Inuit, mitundu ya anthu amene ndi eni derali, akhala akupeza nyama ndi zikopa kuchokera ku magulu otere kuyambira makolo awo.

Za mphalapala, iyayi. Nyanga za mphalapala sizigwa, pamene za caribou zimachita nthambi, zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso, ndipo zazikazi nazo zimakhala nazo. Lembani caribou pabolodi, muonjezere kuti a Inuit amati tuktu.