Mwana wanga amajomba kusukulu akakhala kumwezi

Funso: A dokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13 ndipo ali sitandade 7. Chithereni msinkhu chaka chatha, mwezi uliwonse amajomba masiku atatu kapena anayi. Amati m'mimba mumapota, komanso tsiku lina anadetsa yunifomu m'kalasi, anyamata n'kumuseka. Ndalama ya mapadi sindiikwanitsa, ndiye amavala nyanda. Kodi nyanda zimadwalitsa? Ndimuthandize bwanji? Ndine mayi wa ku Chipoka, Salima.

Yankho: Mwachita bwino kufunsa, mayi, chifukwa ambiri nkhaniyi amangoyisunga kumtima. Masiku atatu pamwezi amaoneka ochepa, koma pa miyezi isanu ndi inayi ya sukulu amakwana 27. Chaka chamawa mwanayu akulemba mayeso a sitandade 8, ndipo zimene anzake aphunzira iye ali gone kunyumba palibe adzamubwerezere.

Nyanda payokha siidwalitsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kayanikidwe kake. Atsikana ambiri amachapa usiku mobisa, n'kukayanika kunsi kwa mphasa kapena kuseri kwa chitseko kuti abambo ndi alongo awo asaone. M'mawa nsaluyo imakhala ikadali yachinyontho, iwo n'kuvala choncho. Kuyabwa, kusupuka m'mphechepeche ndi fungo zimayambira pamenepo, ndipo mwana amene akudzikayikira kuti akununkha sangakhale pa desiki limodzi ndi anzake. Azitsukuluza kaye ndi madzi ozizira, popeza otentha amaumitsa magazi pansalu, kenako achape ndi sopo n'kuyanika padzuwa. Ngati ali ndi manyazi, aphimbe ndi chitenje chopyapyala pachingwe pomwepo; dzuwa la kuno ku Salima liumitsa ndithu. Nthawi ya dzinja muzisita. Nsalu ikhale ya thonje, yofewa, ndipo zikhalepo zisanu kapena zisanu ndi imodzi kuti azisintha pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Popita kusukulu atenge ina youma, kathumba koikamo yonyowa, ndi chitenje m'chikwama.

Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, komabe kumudzi mtengo wake ukadali wolemera. Kafunseni kusukulu za amayi a mother group, gulu la amayi lothandiza atsikana pasukulupo. M'sukulu zambiri amasoka mapadi ochapa okhala ndi batani lomangira ku kabudula wamkati, ndipo sasuntha mwana akamayenda kapena kusewera. Mukapita, mukaonane ndi mphunzitsi wamkazi, mumuuze za anyamata aja. Mukaonenso chimbudzi cha atsikana ndi maso anu: chili ndi chitseko? Pali ndowa ya madzi? Ngati palibe, imeneyo ndi nkhani yokaitula ku komiti ya sukulu, makolo mutagwirizana.

Kupota kwa m'mimba kumabwera chifukwa chiberekero chimadzifinya potulutsa magazi. Ibuprofen, amene ambiri timati brufen, amathandiza kwambiri akamwa ululu ukangoyamba, atadya kaye. Asamwe ngati ali ndi zilonda zam'mimba kapena mphumu. Zikatero amwe panado. Botolo la madzi ofunda lokulunga pansalu, n'kuliika pachinena, limaziziritsanso ululu.

Mupite naye kuchipatala ngati akusamba kupitirira masiku asanu ndi awiri, ngati nyanda ikudzaza pa ola limodzi kapena awiri, kapena ngati akumva chizungulire ndipo zikhatho zayera. Chizungulire ndi kuyera kwa zikhathoko ndi zizindikiro za kuchepa kwa magazi. Bonongwe, nyemba, usipa ndi chiwindi zisamasowe pa mbale yake.

Popeza muli m'mbali mwa nyanja, ndiwonjezere ichi. Likodzo sitimaliona m'mkodzo mokha ayi. Kwa atsikana limafika mpaka kumaliseche ndi kukhomo la chiberekero, n'kumayambitsa kuyabwa, chikazi chachilendo ndi timagazi totuluka pakati pa mwezi pamene msambo unatha kale. Ana otere ena amanenedwa kuti ayamba zachiwerewere, kumawakalipira, pamene iwo amangochapa ndi kusamba kunyanja. Mukaona zizindikirozi kamuyezetseni, ndipo mukauze adokotala kuti amasamba kunyanja. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu, ndipo tsiku logawa likafika mwanayu adye phala m'mawa, apite akamwe.