Funsani Amisiri: Chainsaw yoyenera mtengo waukulu ndi iti?

FUNSO: Ndili ndi mitengo 12 ya bulugamu papuloti yanga ku Makeni, mumzinda wa Lusaka, ndipo ndikufuna kuigwetsa ndichekemo matabwa. Waukulu kwambiri ndikauzunguliza chingwe umakwana mamita 2.8. M'tauni andionetsa chainsaw yotsika mtengo, yolembedwa 52cc (muyeso wa kukula kwa injini), yokhala ndi bar ya mainchesi 24. Wogulitsayo akuti bar ikakhala yaitali ndiye kuti makinawo ndi amphamvu. Ndigule? Bambo wa ku Makeni.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kuyeza mtengo musanatulutse ndalama, chifukwa nkhani yonse imayambira pamenepo. Gawani mamita 2.8 aja ndi 3.14, mupeza kuti thunthulo ndi lonenepa masentimita 90 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Umenewo ndi mtengo waukulu ndithu.

Koma zoti mphamvu ili mu bar si zoona. Bar ndi chitsulo chabe chomwe tcheni chimazungulirapo. Chokoka tcheniyo ndi injini. Bar ikatalika, mano amene amaluma mtengo nthawi imodzi amachuluka, ndipo injini yaing'ono imalephera kuwakoka. Mumamva kulira kwake kukutsika, tcheni chimaima mkati mwa thunthu, kilachi imatentha, wodulayo n'kuyamba kukanikiza ndi mphamvu zake, zimene zimangofulumizitsa imfa ya makinawo. Injini ya 52cc imayenda bwino ndi bar ya mainchesi 16 kapena 18. Ya 24 yaikulira.

Kunena mwachidule, makina a 30 mpaka 45cc, monga Stihl MS 180, ndi osadzira nthambi ndi kudulira nkhuni za pakhomo. A 50 mpaka 60cc amagwetsa mitengo yonenepa mpaka masentimita 50 kapena 60 popanda vuto. Mitengo yanuyo ikufuna 70cc kupita m'mwamba: Stihl MS 382 ili ndi 72cc, Husqvarna 372 XP ili ndi 71cc, ndipo zonsezi zimanyamula bwino bar ya mainchesi 20 mpaka 25. Musadandaule kuti mainchesi 25 ndi masentimita 63 okha pomwe thunthu ndi 90. Wodziwa ntchito amadula mbali imodzi n'kuzungulira kukamaliza mbali inayo, moti bar imatha kugwetsa mtengo wonenepa pafupifupi kuwirikiza kawiri kutalika kwake.

Pali mawu amodzi m'funso lanu amene akusintha zinthu: matabwa. Kucheka motsata utali wa thunthu kumalemetsa injini kuposa kudula mopingasa, chifukwa makina amalira mwamphamvu kwa mphindi zambiri osapuma. Ngati matabwa ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, kapena mukuganiza zodzachekanso mitengo yolimba ngati muwanga ndi tsanya, yang'anani a 90cc kupita m'mwamba, monga Stihl MS 661 kapena Husqvarna 395 XP. Dziwani kuti amenewa amapitirira makilogalamu 7 musanaike bar, tcheni ndi mafuta, ndipo munthu wotopa manja ndi amene amavulala. Kumbukiraninso kuti Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepukirapo, choncho injini imapereka mphamvu yochepa pang'ono kuposa yolembedwa m'buku lake. Musagule yongokwanira ndendende.

Musanalipire, funsani wogulitsa ngati ali ndi pisitoni, sefa ya mpweya, sprocket (kagudumu ka mano kozunguza tcheni), pampu ya oyilo ndi tcheni za makinawo. Akayamba kukanda m'mutu, tulukani. Makina achinyengo opakidwa mtundu wa makampani otchuka alipo, ndiye onani nambala ya makina yodindidwa pathupi lake, mulandire risiti ndi pepala la waranti kwa wogulitsa wovomerezeka. Kankhaninso chotchinga cha kutsogolo kwa dzanja lamanzere mumve ngati buleki ya tcheni ikugwira. Ndipo tinene mosabisa: ngati mitengo 12 imeneyi ikatha simudzadulanso ina, kulemba ganyu munthu wodziwa amene ali ndi makina ake kukhoza kukutsikirani mtengo kuposa kugula.

FUNSO: Chainsaw ya mwana wanga yangotha miyezi itatu, yauma, chingwe sichikukokeka. Makaniko akuti pisitoni yapsa. Chalakwika n'chiyani? Mayi wa ku Chilenje.

YANKHO: Pepani mayi. Nthawi zambiri vuto limeneli limachokera m'chigubu cha mafuta. Injini ya chainsaw ilibe thanki ya oyilo wofewetsa pisitoni ngati galimoto. Oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo. Stihl ndi Husqvarna amafuna muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa 2-stroke m'malita 5 a petulo. Makina ambiri otsika mtengo amalembedwa 25:1, amene ndi mamililita 200 m'malita 5. Tsatirani zolembedwa m'buku la makinawo, ndipo yezani ndi kabotolo ka manambala, osati ndi maso. Thirani oyilo m'chigubu kaye, onjezani petulo pang'ono, khutchumulani, kenako dzazani. Mafuta osakanizawo akakhala mwezi umodzi asagwiritsidwenso ntchito.

Funsani mwanayo ngati sanathirepo petulo wosasakaniza ngakhale kamodzi, kapena oyilo wa galimoto. Ngati ayi, makaniko ayang'ane sefa ya mpweya, poti fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likadutsa pasefa yobooka limapala silinda ngati sandipepa. Ayang'anenso ngati wina sanamange kwambiri sikuluwu yolembedwa H pa kabureta. Ena amatero kuti makina azilira mokweza, koma injini imalandira mafuta ochepa, n'kutentha mpaka pisitoni kukakamira. Akasintha pisitoni osapeza chimene chinaipsereza, yatsopanoyo ipsanso.

FUNSO: Tcheni changa chikutha msanga ndipo chikudula mokhota. Ndi tcheni choipa? Wocheka matabwa wa ku Buseko.

YANKHO: Achimwene, yang'anani utuchi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapala tokhuthala. Chikayamba kutulutsa ufa ngati gaga wosefa, chabuntha. Chimene chimabunthitsa msanga ndi dothi: chiswe chimamata dothi pakhungwa, ndipo dzino likakhudza pansi kwa kamphindi kokha, latha. Mitengo ya m'mapuloti imabisanso misomali ndi waya wa mpanda zimene zinamizidwa kalekale. Sendani khungwa ndi nkhwangwa pamalo odulapo.

Kukhotako kumabwera mano a mbali imodzi akakhala aafupi kapena obuntha kuposa a mbali inayo, poti dzanja limanola mbali imodzi mwamphamvu. Werengani kukwecha kwa tupa, katatu pa dzino lililonse, mokankhira kunja kokha, pa madigiri 30. Tcheni chochekera matabwa chimanoledwa pa madigiri 10. Tupa igwirizane ndi saizi ya tcheni: mamilimita 4.8 pa .325, 5.2 kapena 5.5 pa 3/8 malinga ndi kampani, 5.5 pa .404. Pa tcheni cha .325 kapena 3/8, kachitsulo kotsogolera dzino kazitsika mamilimita 0.65 pansi pa nsonga ya dzino. Mukakatsitsa mopitirira, makina amaluma mwaukali ndi kudumpha. Muzitembenuza bar nthawi ndi nthawi kuti izitha mofanana. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto musamuthire m'thanki ya tcheni: ali ndi tizitsulo timene timadya pampu, ndipo samata pa bar. Lozetsani bar pachitsa choyera makina akulira. Pakapanda kuoneka kamzere ka oyilo, zimitsani.

FUNSO: Pali mtengo wa jacaranda waukulu wopendekera kumpanda wa neba, ndipo pafupi pakudutsa mawaya a magetsi. Ndingaugwetse ndekha? Agogo a ku Kabulonga.

YANKHO: Ayi agogo, umenewo musauyambe. Mtengo wa pafupi ndi mawaya uyambe wadziwitsidwa ku kampani ya magetsi ya ZESCO, ndipo wopendekera kunyumba umatsitsidwa nthambi ndi nthambi ndi anthu a zingwe.

Kwa amene akugwetsa pamalo otakasuka, dongosolo lake ndi ili. Anthu ndi ziweto atalikire kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengo: wa mamita 25, pasakhale munthu mkati mwa mamita 50. Lambulani njira yothawira kumbuyo cham'mbali, osati kumbuyo kwenikweni. Mbali yogwera dulani kamwa yolowa gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu, masentimita 22 pa thunthu la 90. Kumbuyo dulani mokwererapo masentimita 3 mpaka 5, koma osakumaniza ndi kamwa ija. Siyani mnofu wa masentimita 9, gawo limodzi mwa khumi, kuti ugwire ngati hinji ya chitseko. Mukaudula mnofuwo, mtengo umagwera kumene wafuna. Khomani weji ya pulasitiki kapena yamtengo kuti bar isapanidwe. Bulugamu wopendekera amakonda kung'ambika chokwera n'kumenya kumbuyo, ndiye musaime kuseri kwake.

Musadule ndi theka lakumwamba la nsonga ya bar, chifukwa likagunda chinthu makina amadumphira kunkhope mwachangu kuposa kuphethira kwa diso. Chipewa cholimba, magalasi, zotseka m'makutu, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi buluku loletsa tcheni ziwerengereni pamtengo wogulira makina.

Mitengo yachilengedwe monga mlombwa, umene kuno ambiri amautcha mukwa, komanso mbawa, ili pansi pa lamulo la nkhalango la Zambia la 2015. Kuidula kuti mugulitse ndi kunyamula matabwa ake kumafuna chilolezo, ndiye pitani kaye ku ofesi ya Forestry Department ya m'boma lanu musanathire petulo m'makina.