Silinda imeneyo musagulitse

Achemwali amene mukuganiza zosiya gasi n'kudalira sola, silinda ya gasi musagulitse ayi, ngakhale akunamizeni kuti sola ya ku Nanjoka yatipulumutsa ife a ku Salima. Mapanelo aja amapanga magetsi okwana mamegawati (MW) 60, anayamba ntchito mu 2021, koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse. Dzuwa likalowa tonse timayang'ananso kwa Shire, ku Nkula ndi ku Tedzani. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi 130 MW, mukukumbukira mmene tinakhalira mumdima mpaka 2023.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi mafiriji a chambo ku Senga Bay. Kunabwera kamnyamata kovala jekete, chizungu chili thoo, kakuti ndi injiniya wa sola. Ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, iko n'kundimangira mapanelo, inverter (kabokosi kosintha magetsi a m'mabatire kuti ayendetse firiji) ndi mabatire onyezimira. Sabata yomweyo ndinalandira oda ya chinkhoswe, ndalama anapereka kale. Magetsi anazima Lachinayi madzulo, ine mtima m'malo. Pakati pa usiku inverter inangolira tswii tswii, kenako zii. Kutentha kwa kunyanja mukukudziwa. Pofika Loweruka m'mawa, kutsegula firiji, mayo ine! Madzi ofiira ali ndendende, mimba za nsomba zatupa, ukagwira chala chikungolowa. Ntchentche zobiriwira zija sindikudziwa zinamva kwa ndani. Anakubala a mkwatibwi ali pakhomo ndi mabeseni, ana anga akukumba dzenje kuseri. Mayi wa mkwatibwi sanalalate, anangoti “ndiye anthu adya chiyani?” Mawu amenewo mpaka lero amandilasa. Wamakaniko wina atapala utoto tinapeza kuti anali mabatire akale a galimoto. Foni ya kamnyamatako sikupezeka, koma pa Facebook kakuikabe zithunzi kali padenga la anthu ena. Wakuba iwe, Mulungu akukuona.

Amene mukunena kuti tizigwiritsa ntchito mpweya woyaka wa hydrogen, inde ndi yabwino, siitulutsa utsi. Koma yosaipitsa chilengedweyo amaipanga pogawa madzi pogwiritsa ntchito magetsi, ndiye pamafunika magetsi otsala. Ife otsalawo tiwatenga kuti? Akuluakulu ayambe amaliza damu la magetsi la Mpatamanga, ndipo sola iliyonse ikhale ndi mabatire ngati ya ku Golomoti. Gasinso si mpulumutsi, amachokera kunja, forex ikasowa mumazungulira ndi silinda yopanda kanthu mpaka ku Lilongwe. Zonsezi akuluakulu azikonzere pamodzi, osati uyu zake uyu zake, apo ayi makala sitisiya ndipo mitengo ya m'nkhalango ya Thuma itha.

Komabe sola gulani, achemwali, ine ndinagulanso ndipo firiji ikuyenda. Kungoti mabatire akhale a lithium, risiti ndi waranti zikhale m'manja, ndipo womangayo akuonetseni chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, musanatulutse ngakhale tambala. Kuphika muziphikira gasi, ndipo ngati thumba likulola masilinda akhale awiri.