Kwa anyamata a ku Area 25: Kyalami yakale muimange motere

Imelo yabwera kuchokera kwa mwerengi wina wa ku Area 25 konkuno ku Lilongwe. Ndiifupikitse. Alipo anayi, amasewera Assetto Corsa, gemu ya pakompyuta yothamangitsa galimoto, ndipo akufuna kumanga mu gemuyo Kyalami yakale, bwalo la mipikisano ya galimoto la ku Joni, kuti azithamangitsamo galimoto za m'ma 1960. Ayesapo kale: anatsitsa mapu, anajambula msewu mu Blender, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D, koma galimoto ikungojowajowa ngati ili pamsewu wafumbi mvula itangotha, ndipo nthawi zina ikumira pansi n'kusowa. Akufunsa kuti alakwitsa pati, komanso ntchitoyi agawane bwanji.

Achimwene, mwachita bwino kulemba. Safunsa anadya phula, ndipo phula lanuli tilikonza. Koma pazithunzi zomwe mwatumiza ndikuona mitengo, zikwangwani ndi nsanja ya oonerera zatha kale, pomwe msewu weniweniwo sunakhazikike. Mwayamba kufolera nyumba yopanda maziko. Zonsezo zibiseni kaye. Kwa miyezi iwiri yoyambirira, pa sikirini panu pazioneka msewu ndi udzu basi.

Choyamba gwirizanani chaka chimodzi. "M'ma 1960" si yankho. Kyalami inatsegulidwa mu 1961, ndipo mpikisano wa Formula One unafikako koyamba pa 2 Januwale 1967, tsiku lomwe John Love wa ku Bulawayo anatsogola mpaka anakakamizika kulowa kukathira mafuta, Pedro Rodríguez n'kupambana, Love n'kukhala wachiwiri. Chaka chimenecho bwaloli linali la makilomita 4.094. Pofika 1968 anali atalikonza ndipo linali 4.104. Kusiyana kwake ndi mamita khumi okha, inde, koma kukukuuzani kuti chithunzi cha 1967 ndi cha 1975 sizikuonetsa msewu umodzi, zitsulo zotchinga zimodzi, ngakhale zikwangwani zimodzi. Mukamatola apa ndi apo, ichi chakoma ichi chakoma, mudzatulutsa bwalo lomwe silinakhaleko. Ine ndikuti sankhani 1968, ndipo chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

Msampha wachiwiri uli m'mapu omwe munatsitsawo. Kyalami ya lero si yomwe mukufuna. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaigumula n'kuimanganso. Msewu wake wautali wowongoka unapita, pamalo pake pali nyumba za mabizinesi, ndipo bwalo la lero limazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi pomwe lakale linkatsatira miviyo. Chomwe chinatsala ndi chigawo cha makona a Sunset, Clubhouse ndi Esses kukwera ku kona ya Leeukop. Choipa kwambiri n'choti maina a Crowthorne, Barbeque ndi Jukskei Sweep aliponso pa bwalo la lero, koma akutchula makona ena, pamalo ena. Mukatsatira dzina m'malo motsatira malo, mwasokera. Chofunika ndi chithunzi chakale chojambulidwa pandege. Ku South Africa zithunzi zotere zimasungidwa ndi National Geo-spatial Information ku Mowbray, Cape Town. Chithunzicho mulowe nacho mu QGIS, pulogalamu ya mapu yomwe ndi yaulere, mutsegule Georeferencer, chida chokhazikira chithunzi pamalo ake enieni pa mapu, ndipo musankhe malo osachepera asanu ndi atatu omwe akuoneka pachithunzi chakale komanso pa cha lero: mphambano za misewu, mlatho, makona otsala aja. Malowo amwazikane mbali zonse. Mukawaunjika kumodzi, mbali inayo imapotoka. Mukamaliza kujambula mzere wapakati pa msewu, uyezeni. Ukatuluka pakati pa mamita 4,090 ndi 4,120 pitirizani. Ukatuluka 4,300, bwererani ku Georeferencer, musadzinamize.

Tsopano kujowajowa kuja. Zoyambitsa zake zimakhala ziwiri, ndipo ndikukayikira kuti muli nazo zonse.

Yoyamba ndi komwe mwatenga kutalika kwa nthaka. Ambiri amatsitsa SRTM kapena Copernicus, mapu a kutalika kwa nthaka oyezedwa kuchokera mumlengalenga, chifukwa n'zaulere. Zonse ziwiri zimapereka nambala imodzi pa mamita pafupifupi 30 aliwonse, pomwe msewu wanu m'lifupi sufika ngakhale theka la mamita amenewo. Kuwonjezera apo, zimayeza pamwamba pa chomwe chilipo, kaya ndi denga kaya ndi mtengo. SRTM inayezedwa mu Febuluwale 2000, bwalo lakale litaphwasulidwa kale. Ndiye mukamata msewu wanu pa nthaka imeneyo, galimoto yanu ikuyenda pamadenga a maofesi. Musamate. Tengani kutalika pa mamita 80 kapena 100 aliwonse, lembani manambalawo pa tebulo, tayani omwe akudumpha mosagwirizana ndi anzawo, kenako dutsitsani Bezier curve yosalala (mzere wokhota wa mu Blender) pa otsalawo. Curve imeneyo ikhale ndi mfundo zochepa momwe mungathere, chifukwa mfundo iliyonse yowonjezera ndi bampu yomwe mudzaimve pa chiwongolero. Chomwe mapuwa amakupatsani ndi chithunzi chachikulu chokha, monga choti kuchokera ku Esses msewu umakwera kupita ku Leeukop, ndipo msewu wowongoka uja unkatsetsereka polowa ku Crowthorne. Zazing'onozing'ono muzitenga m'makanema ndi zithunzi zakale. Onani pomwe galimoto yakutsogolo ikubisika kuseri kwa chitunda, pomwe mphuno ya galimoto ikugwada, komwe tayala lakumbuyo likupepuka. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa fSpy komwe kamathandiza kupeza pomwe wojambula anaima. Mukalowetsa kamera imeneyo mu Blender, mumaika chithunzi chakale kumbuyo kwa msewu wanu n'kuona ngati m'mphepete mukugundana. Kona imodzi ikhoza kudya sabata yathunthu. Musadandaule, ntchito yeniyeni ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi yobisika, ndipo imasautsa ngakhale akatswiri. Pa kayezedwe ka mapu ka UTM, komwe kamatchula malo m'mamita, Kyalami ili mu zone 35S, EPSG:32735. Musaike 36S, imeneyo ndi yathu ya ku Lilongwe kuno. M'kayezedwe kameneka, nambala ya kumpoto ya Kyalami imapitirira mamita 7,000,000. Blender imasunga malo a vertex (timfundo tomwe timapanga msewu) m'manambala a 32-bit, ndipo nambala ikafika mamiliyoni asanu ndi awiri, singathenso kusiyanitsa zinthu zoyandikana kuposa theka la mita. Vertex iliyonse imakankhidwira pa theka la mita lapafupi, ndiye m'mphepete mwa msewu mumaoneka ngati mano a sowo. Mankhwala ake ndi osavuta: sankhani malo amodzi pakati pa bwalo, chotsani manambala ake pa mfundo zonse musanalowe nazo mu Blender, kuti pakatipo pakhale 0, 0, 0. BlenderGIS, chowonjezera cholowetsera mapu mu Blender, imachita zimenezi yokha, koma mukalowetsa mafayilo pamanja, ntchitoyo ndi yanu. Manambala a malo apakatiwo alembeni mu fayilo yomwe nonse anayi muli nayo.

Misewu mupange iwiri, wina wamaso, wina wa matayala. Wa matayala usakhale ndi zokongoletsa zilizonse. Dulani mita imodzi imodzi m'litali, magawo asanu ndi atatu m'lifupi, ndipo m'makona othina ngati Clubhouse ndi Leeukop dulani theka la mita. Apa werengerani bwino. Mamita 4,104 kuchulukitsa ndi ma vertex 9 ndi pafupifupi 37,000. Mukadula theka la mita paliponse mufika 74,000, pomwe mesh imodzi (chinthu chimodzi chojambulidwa) mu Assetto Corsa isamapitirire ma vertex 65,535. Ndiye gawani msewu m'zidutswa, koma ma vertex a pamalire agwirizane ndendende, apo ayi pamalirepo pamakhala kampata komwe kamamenya tayala. Musaiwalenso kupendeketsa. Msewu wa phula umakhala wokwera pang'ono pakati kuti madzi azitsika. Yambani ndi 2 peresenti, kutanthauza masentimita 10 pa mamita asanu, ndipo m'makona mupendeketse malinga ndi zomwe zithunzi zikuonetsa.

Za kumira pansi n'zachidule. Gemuyi imazindikira pomwe tayala lingaponde poyang'ana dzina la mesh, ndipo dzinalo liyambe ndi nambala yoposa ziro: 1ROAD, 1GRASS, 1KERB, 1SAND, 1WALL. Mawu otsatira nambalawo agwirizane ndi KEY ya mu surfaces.ini, mu foda ya data. FRICTION yambani ndi 0.98 pa msewu ndi 0.6 pa udzu, muzikonza pambuyo pake. Dzina likakhala bwino koma galimoto ikumirabe, yatsani Face Orientation mu Blender: pomwe paoneka pofiira, nkhope ya mesh yayang'ana pansi, itembenuzeni. Kenako dinani Ctrl+A kuti scale ndi rotation zikhazikike musanatulutse fayilo ya FBX. Mukatsegula mu ksEditor, pulogalamu yosandutsa FBX kukhala KN5, fayilo yomwe gemu imawerenga, yezani chinthu chimodzi chomwe mukuchidziwa, chifukwa FBX imakonda kusokoneza mamita ndi masentimita, bwalo n'kukula kapena kuchepa ka 100. Msewu wa matayala uja muuzimitse kuti usaoneke, koma ukhalepo mu KN5.

Zoyambira galimoto nazo zili ndi maina ake osasintha: AC_START_0, AC_PIT_0, AC_HOTLAP_START_0, ndi mageti a nthawi AC_TIME_0_L ndi AC_TIME_0_R. Kuwerenga kumayambira pa 0. Y iloze kumwamba, Z iloze komwe galimoto ikupita, ndipo muziike pafupifupi mita imodzi pamwamba pa phula. Blender ili ndi chizolowezi choipa: mukakopera chinthu imawonjezera .001 kumapeto kwa dzina, ndipo AC_PIT_0.001 gemu siidziwa. Nthawi ikapanda kuwerengedwa mukazungulira, yang'anani kaye ngati simunasinthanitse L ndi R.

Chifukwa chosankhira 1968 ndi ichi. Galimoto ya Lotus 49 ilimo kale mu Assetto Corsa, ndipo pa mpikisano wa pa 1 Januwale 1968, womaliza womwe Jim Clark anapambana mu Formula One, iye anayambira patsogolo ndi nthawi ya 1:21.6 m'galimoto yomweyo. Muli ndi muyeso pamenepo. Sizidzafanana ndendende, chifukwa matayala a mu gemu si a tsiku limenelo, komanso Kyalami ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 pomwe mpweya wopepuka umachepetsa mphamvu ya injini. Koma woyendetsa wanu wabwino akamapanga 1:12 kapena 1:32, pali kona yomwe mwaiwongola kapena kuithina mopitirira. Musathamangire kusintha FRICTION kuti nthawi igwirizane. Kumeneko ndi kubisa bala. Funsani kuti kona iliyonse akulowa ndi giya yanji, muyerekeze ndi makanema.

Kagawidwe ka ntchito. Msewu ukhale ndi mwini mmodzi, ndipo wina aliyense asakhudze fayilo imeneyo. Wachiwiri akhale wofufuza: zithunzi, makanema, chaka cha chilichonse, ndi tebulo losonyeza kuti chithunzi ichi ndi kona iti. Munthu ameneyu safunika kompyuta yamphamvu, ndipo nthawi zambiri ndi amene amapulumutsa gulu. Wachitatu amange nyumba, mipanda ndi ma texture (zithunzi zomata pa zinthuzo), omwe akhale mafayilo a DDS, a mapikiselo 1024 kapena 2048, osati 4096 pa chikwangwani chilichonse ngati mukufuna kuti laputopu ya mnzanu ipume. Wachinayi agwire ksEditor, mafayilo a ini, fast_lane.ai ya galimoto zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndi kuyesa. Ena atatuwo azitenga msewu mu Blender kudzera pa Link, osati Append, kuti mwini wake akasuntha kona, onse aione yasuntha.

Zathu za kuno nazo zikumbukireni. Zithunzi mukamatumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza wamba zimaphwanyidwa ndipo malembo a pa zikwangwani sawerengekanso. Ma texture ndi makanema olemera muzipatsirana pa flash mukakumana Loweruka, bandulo isungidwire mafayilo a blend ndi ini omwe amasintha tsiku ndi tsiku. Dzina la fayilo likhale ndi deti, monga msewu_0614, osati msewu_womaliza_weniweni2. Magetsi akhoza kuzima mukutulutsa KN5, choncho sungani fayilo yatsopano musanayambe gawo lililonse lalikulu, ndipo makope akhale pa makompyuta awiri.

Mudzakopeka kutenga Kyalami ya mu Grand Prix Legends, gemu ya 1998 yomwe inatengera nyengo ya 1967, kapena yomwe anthu ena anapanga kale. Kuyendetsamo kuti muyerekeze palibe vuto. Kuzula mesh kapena texture yawo n'kuika dzina lanu, ayi. Anthu a ntchito imeneyi amadziwana, ndipo amazindikira ntchito yawo ngakhale mutaipaka utoto wina. Ngati mukufuna chinachake, lemberani mwini wake, ndipo akalola mumutchule.

Musanabwerere ku Kyalami, tayani sabata imodzi pa kanthu kakang'ono. Sankhani kamsewu ka mamita 500 kwanuko ku 25 kokhala ndi kona imodzi ndi kachitunda, muyeze m'lifupi mwake ndi tepi nthawi yomwe kulibe galimoto zambiri, mukajambule mu 36S, ndipo mudutse nako njira yonse mpaka galimoto iime pa AC_PIT_0 osamira. Poti msewuwo mumaudziwa ndi mapazi, mudzaona nokha pomwe SRTM ikunama. Zikatheka, nditumizireni surfaces.ini yanu ndi chithunzi cha msewu Face Orientation itayatsidwa, tione za Crowthorne.